Ng'ombe Zili Pati?

Bennet, mphunzitsi wochokera ku Ntchisi, analemba nthano yamatsenga yoti akafunsirire nayo Iness, namwino wa ku Embangweni, Loweruka likudzalo. Anaipereka kwa Dyness, wotayipa pakompyuta pa Mzimba boma, mayi woti ukamuuza nthabwala amakufunsa kuti zinachitika liti.

Za lichero louluka Dyness anatayipa osaphethira. Za nsato ya ku Luwawa yolankhula Chingoni anangofunsa ngati inaphunzira kwa makolo. Koma atafika kumapeto, zala zinaima.

"Aphunzitsi, pasowa tsamba."

"Palibe lasowa. Mnyamata wapha chimphona, wakwatira Iness, wamanga nyumba kwa apongozi. Yatha."

"Ng'ombe zili pati?"

"Ng'ombe zanji?"

"Zamalowolo."

Bennet anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana a sitandade wani, kuti kwawo mwamuna amapita kuchikamwini, komanso m'nthano yamatsenga chilichonse chimatheka.

"Koma mtsikanayu mwati ngwa ku Embangweni," anatero Dyness. "Mbwenu mwamunayo walakwanji kuti akakhale kwa mkazi? Kwawo anam'thamangitsa?"

"Ndi ngwazi, asisi. Wapha chimphona cha mitu isanu."

"Ndiye adada ake a mtsikana akatsekere mitu m'khola?"

Bennet anavula magalasi, n'kuvalanso. Mtima unamuwawa: miyezi itatu akulemba, munthu n'kumafunsa za khola!

"Lichero louluka bwanji simunatsutse?"

"Za malichero timamva. Za mkamwini ku Embangweni sindinamvepo. Owerenga adzati mukunama."

Bennet analumbira kuti sasintha ngakhale kadontho. Dyness anati naye satayipa bodza, n'kupinda manja. Anakhala choncho mpaka wogulitsa mandasi anadutsa kawiri. Tsoka ilo, malo ena otayipira anali otseka, ndipo zolemba pamanja za Bennet ngakhale mwini wake zinkamuvuta kuwerenga.

"Chabwino," anausa moyo. "Lembani kuti nsato inasanza ng'ombe."

"Zazikazi?"

"Zazikazi, zabere, khola lonse. Ingolembani."

Dyness anatayipa, anasindikiza, n'kusanja mapepala bwinobwino. Pamwamba panali mawu akuti "Kwa Iness wa ku Embangweni, ndi mtima wanga wonse."

"Yewo, aphunzitsi. Tsono nsatoyo muidyetse bwino chomene. Iness ndi mng'ono wanga, ndipo adada ali ngati ine: cholembedwa amachikhulupirira."