Mpando Umene Trevor Sanakhalepo

A wapampando wa khonsolo ya mudzi wathu wa Hollinby, Bambo Ackroyd. Mayi Sutcliffe ochokera kuboma, amene mwapirira maenje a mumsewu wathu kuti mufike kuno. Abusa. Makhansala anzanga. Bambo Desmond Hebden, amuna awo a mlembi wathu, ana ndi zidzukulu. Anthu a m'mudzi nonse, ngakhale inu amene mwangotsata keke, ndakulonjerani.

Ndakuonanso iwe Trevor Lumb, mlongo wake wa mayi amene tikutsanzikana nawo lero. Waima pachitseko monga mwa masiku onse. Zaka zitatu iwe ndi mlongo wako simunayankhulane, ndipo ine sindichoka pano ndisanaikambe nkhaniyo. Usathawe, ndikubwera.

Kwa amene simundidziwa, ngati alipo, ndine Gordon Arkle. Ndinkayendetsa basi, pano ndine khansala, ndipo ndikuuzeni, basi inali yabwino. Munthu akakutukwana m'basi amafika potsika.

Tasonkhana masana ano kutsanzikana ndi mlembi wa khonsolo yathu, Mayi Glenda Hebden, amene akupuma pa ntchito. Ndikanakonda kuyankhula ndi mphamvu, koma abale, ndatopa. Tonse tatopa. Taonani nkhope ya a wapampando.

A Glenda sanayambe ntchito ali katswiri ayi. Mwezi wawo woyamba anapereka holo ino kwa magulu awiri pa nthawi imodzi: makhansala, ndi kalasi yophunzitsa agalu. Ine ndinalipo, ndinabwera ndi galu wa mkazi wanga. Wapampando wa nthawiyo, malemu Bambo Firth, anali munthu wosagonja. Anati msonkhano uchitika basi. Ndiye makhansala kumutu kuno, agalu kumapeto uko. Mphunzitsi wa agalu atakuwa kuti "Khala!", makhansala awiri amene anaimirira kuti ayankhule anakhala pansi. Galu wanga sanakhale. Mpaka lero, umenewo ndi msonkhano wokhawo umene holo inadzaza popanda munthu wokwiya.

Nanga kachitini ka maswiti? Mumakadziwa nonse. Ukayankhula mopitirira, a Glenda sakudula mawu. Amangotulutsa kachitini n'kukagwedeza pang'ono, wekha umayamba kufunafuna pothera. A Glenda, chotsani dzanja m'chikwamamo, sindinafike ndi pakati pomwe.

Koma chizolowezi chawo chachikulu ndi mipando. Mwezi uliwonse, msonkhano usanayambe, ankayala mizere ya mipando ya anthu a m'mudzi. Kubwera ndani? Palibe. Zaka ndi zaka tinkakambirana za mabini a zinyalala ndi zitosi za agalu tikuyang'anizana ndi mipando yopanda anthu, kenako a Desmond n'kubwera kudzaisanja ndi msana wawo wovutawo. Tinkawauza kuti mayi, mukudzivutitsa chabe. Iwo ankangoti tsiku limene anthu adzabwere, adzapeze pokhala.

Anabweradi. Zaka zitatu zapitazo ife makhansala tinaganiza zodula gawo la madimba a kuseri kwa tchalitchi kuti tiikepo malo oimikapo magalimoto, chifukwa ana akamaweruka ku sukulu msewu umatsekeka, ndi ambulansi yomwe singadutse. Ganizolo silinali lopusa. Chopusa chinali chakuti sitinafunse munthu. Ndipo dimba limodzi mwa madimbawo linali la malemu bambo awo a Glenda ndi Trevor, lija Trevor amalimamo anyezi wake wa mitu ikuluikulu.

Trevor anapita kwa mlongo wake, osati ngati mlongo koma ngati mlembi, kukafunsa njira yoitanitsira voti ya mudzi. A Glenda anamuuza monga akanauzira wina aliyense, kuti anthu khumi akakweza manja pa msonkhano wa mudzi, akuboma amabwera ndi bokosi loponyamo mavoti. Manja anakwera oposa pamenepo. Ife tinawakwiyira a Glenda. Ena patebulo ili ananena kuti taweta njoka, ndipo akudziwa okha, n'chifukwa chake akuyang'ana m'makapu.

Funso pa kapepala kovotera linali limodzi: kodi muli ndi chikhulupiriro mwa makhansala anu, inde kapena ayi? Tsikulo kunagwa mvula. Ambiri anakhala kunyumba, koma mwa amene anabwera, ochuluka anati ayi. Mkazi wanga anakavota. Atabwerako anandiphikira nyama yamafuta imene adokotala anandiletsa, ndipo sindinafunse kanthu.

Mukuseka, koma zinatipweteka. Ntchito iyi sitilipidwa. Maenje a mumsewu si athu, ndi a kuboma, pepani Mayi Sutcliffe, koma amene amaimitsidwa pogula buledi ndife. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikudziwa. Koma nkhonya ikachokera kwa munthu amene unamunyamula m'basi ali mwana wa sukulu, imafika pamtima.

Msonkhano wotsatira holo inadzaza, mipando yonse ya a Glenda inakhalidwa. Trevor anakhala kutsogolo, akudikira kuti tinyamuke tizipita. Ndipo ntchito yofotokoza lamulo inagwera mlembi. A Glenda anaimirira pamaso pa mlongo wawo n'kunena, ndi mawu awo osakwera aja, kuti voti ya mtundu umenewu ndi uphungu chabe, sichotsa khansala pa udindo. Sanalembe lamulolo ndi iwo. Anangoliwerenga.

Trevor anaimirira. Anati, "Glenda, anyezi wa m'dimba lija unakulira iwenso." Kenako analumbira kuti sadzakhalanso pansi m'chipinda chimodzi ndi makhansala awa. Anapita kukaima pachitseko, pamene mukumuonapo.

Ndimamudziwa Trevor kuyambira tili ana. Akalumbira walumbira. Sanajombepo msonkhano ngakhale umodzi chichitikireni zimenezo, ndipo yonse amaimirira, ndi bondo lake lija adokotala akhala akuliitanira ku opaleshoni. Likamupweteka amatsamira khoma, nkhope itachita thukuta, koma kukhala ayi. Ndipo mwezi uliwonse a Glenda amaika mpando umodzi pambali pa chitseko, ndi khushoni ya kunyumba kwa malemu mayi awo. Iwo ndi Trevor sayang'anana. Msonkhano ukatha a Desmond amanyamula khushoni ija kubwerera nayo kunyumba. A Desmond omwewo ndi amene amandiuza kuti nyengo yokolola ikafika, pakhomo pawo pamapezeka thumba la anyezi, ndipo palibe amene amaona wolibweretsa. Anyezi woyenda yekha, ku Hollinby kokha.

Voti itapita, ife makhansala tinafuna kubisala. Wina anati tichepetse nthawi yoti anthu aziyankhula. Wina anati tizikumana m'kachipinda ka kuseri, komwe mipando sikwanamo. Tinatsala pang'ono kugwirizana. A Glenda anatseka cholembera chawo n'kufunsa kuti, "Anthu akuti sakukukhulupirirani, ndiye mankhwala ake ndi kuwathawa?" Tinakhalabe muno.

Sindikunamizani kuti zinthu zinakoma. Madimba adakalipo, malo a magalimoto kulibe, msewu ukutsekekabe, ndipo voti itati ibwerenso mawa ndikukayika ngati tingapambane. Chikhulupiriro sichinabwerere. Koma anthu amabwera. Amatikalipira maso ndi maso, atakhala pansi, ndipo nthawi zina amatuluka atamva mbali yathu. Chimenecho tachipeza chifukwa cha mayi awa, amene makhansala anawaona ngati a mbali ya anthu, anthu n'kuwaona ngati a mbali ya makhansala, iwo n'kumangoyala mipando.

A Glenda, zikomo. Tinakutopetsani, ndipo nthawi zambiri sitinathokoze. Pitani mukapume. Mudzuke nthawi imene mwafuna. Foni ikalira madzulo, isiyeni ilire. Munthu akakuimitsani za bini, muuzeni kuti Gordon Arkle amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa positi.

Tsopano za mphatso. Anzanga anandituma kukafunsa chimene angakonde, wotchi kapena mpando wa pakhonde. Anandiyang'ana ngati ndayankhula mopitirira. Anati, "Gordon, ine ndikungofuna Trevor akhale pansi. Bondo lija likundipweteka ine."

Trevor, sindikupempha kuti utikhulupirire. Unavota, tinamva. Sindikupemphanso kuti uphwanye lumbiro lako, ndikudziwa kuti sungatero. Unati sudzakhala pansi m'chipinda chimodzi ndi makhansala awa. Chabwino. Takambirana, ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni ine m'khonsolo tagwirizana tonse popanda kachitini kulira. Tikutuluka ndife.

Kuyambira lero mayi awa si mlembi wa munthu. Ndi mwana wa bambo ako basi. Chibale ndi fupa, sichiwola, koma nonse awiri mwakula, ndipo zaka zitatu pa msinkhu wathu uno ndi zambiri.

Makhansala, tengani majekete, kunja kukugwa. A wapampando, keke muisiye, mudzaipeza. Inu nonse otsala, tiombereni m'manja Mayi Glenda Hebden, mwamphamvu, ife tithandiza tili pawindo.

Tapatuka tidutse, Trevor. Mpando ndi uwo, khushoni ili pomwepo. A Desmond, lero musainyamule msanga.