Mphenzi ya pa Tsamba 12

Kutatsala tsiku limodzi kuti insipekita adzaonerere phunziro loti ligamule ngati mphunzitsi watsopano wa mbiri yakale alembedwe ntchito kapena anyamule chikwama kubwerera kwa amayi ake, mtsikanayo analowa m'kachipinda kosungira matsache kukakonzekeretsa mboni yake. Mboniyo inali a Makiyi, osamalira sukulu kwa zaka makumi anayi, amene analipo tsiku lomwe belu lalikulu linang'aluka. Ndipo poti kabuku ka mbiri ya sukuluyo anakalemba ndi insipekita yemweyo, mwana wa eni ankadziona kuti wachenjera kwabasi.

"Bambo, nkhani yake ndi yosavuta," anatero akutambasula tchati pamwamba pa ndowa. "Uku ndi gwero loyamba: munthu amene analipo, anaona ndi maso ake. Ndiye inuyo. Uku ndi gwero lachiwiri: wolemba pambuyo pake, atamva kwa ena. Ndiye kabukuka. Tiyeni tiyesere. Ine ndikhale ana. Tiuzeni zimene munaona."

A Makiyi anaimirira, nakoka malaya, naika manja kumbuyo.

"Pa tsiku limenelo, mitambo yakuda bii inaphimba thambo, ndipo chilengedwe chonse chinakwiya, mphenzi n'kung'amba belu..."

"Imani kaye. Amenewo ndi mawu a pa tsamba 12."

"Eya. Ndime yachiwiri."

"Ine ndikufuna mawu anuanu."

"Anga ndi omwewo, madamu. Ndinawaloweza."

"Gwero loyamba sililoweza buku. Limakumbukira."

"Ndiye ndikukumbukira buku."

Mphunzitsiyo anapumira m'mwamba. Kukoleji anamuphunzitsa za mboni zoiwala, za mboni zokokomeza, koma za mboni yokhala ndi manambala a masamba, ayi ndithu.

"Chabwino. Mitamboyo munaiona?"

"Yalembedwa."

"Sindikufunsa ngati yalembedwa. Munavala chiyani tsikulo?"

"Buku silinanene."

"Ndiye munali mbulanda?"

"Madamu, ndine munthu wamkulu ine."

"Pepani. Nanga mvula inakunyowetsani?"

"Tsamba 13 likuti ndinathamanga mumvula molimba mtima."

"Koma inuyo mukuti chiyani?"

"Ine sinditsutsana ndi tsamba 13. Pali chithunzi changa pamenepo." Analoza kukhoma, pomwe tsambalo linali m'felemu pakati pa mopu ndi kalendala. "Adzukulu anga amabwera ndi anzawo kudzachiona."

Apa mtsikanayo anatulutsa chida chimene ankasungira mawa: buku lakale la ahedi, lolembamo za tsiku ndi tsiku, lachikuto chodyedwa ndi mphemvu.

"Ili nalonso ndi gwero loyamba. Linalembedwa tsiku lomwelo. Tamverani: 'Kunja kwacha bwino, dzuwa lili phwee. Ana achita masewera pabwalo.'"

"Ahedi aja anali ndi vuto la maso."

"'Wosamalira sukulu wachapa makatani a mu holo, ndipo auma.'"

"Makatani aja anali opyapyala."

"Anauma mumvula?"

"Inali mvula ya mbali imodzi."

"Mbali iti?"

"Ya belu."

Mphunzitsiyo, poti ndi munthu wotenga chilichonse monga chanenedwera, anayamba kulemba m'kope: mvula ya mbali imodzi. Atafika pa "mbali" cholembera chinaima chokha. Anawayang'ana a Makiyi, a Makiyi nayang'ana matsache.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "ine ndili ndi mantha. M'kalasi muja muli ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo ndawaphunzitsa ndekha kufunsa mafunso. Mawa akakufunsani za makataniwa pamaso pa insipekita, inu n'kuyankha za mvula ya mbali imodzi, ine ntchito yandithera pompo. Amayi anauza kale mzere wonse wa nyumba kwathu kuti mwana wawo ndi mphunzitsi."

A Makiyi anagwedeza mulu wa makiyi wa m'chiuno mwawo, napita kukatseka chitseko, nakhala pa ndowa yovundikira.

"Izi n'za gwero loyambalo kapena n'za ife awiri?"

"Mukazinena inu, n'za gwero loyamba."

"Ngakhale nditanong'ona?"

"Ngakhale mutanong'ona."

"Ha." Anakanda mutu. "Kachitsulo ka m'kati mwa belu kanathothoka m'mawa. Nthawi yoweruka inakwana, belu zii. Ana akuyang'ana pawindo, aphunzitsi akuyang'ana mawotchi. Ndiye ndinakwera ndi hamala."

"Hamala."

"Yaikulu. Yoswera miyala. Ndinati ndimenye kamodzi kokha, pang'onopang'ono."

"Ndiye?"

"Kamodzi sikanamveke bwino."

"Kachiwiri?"

"Kachiwiri kanamveka mpaka kumsika. Belu lija mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati mbale yadothi."

"Nanga mphenzi?"

"Mphenzi inabwera ahedi atafunsa."

Mtsikanayo anaseka mpaka misozi, a Makiyi nawonso mapewa akugwedezeka. Kenako mtsikanayo anadumpha n'kugwira tchati chake, maso akuwala.

"Koma bambo, mukudziwa kuti mwandipatsa phunziro la chaka? Gwero loyamba likhoza kunama! Wolemba buku n'kukopera bodzalo, anthu n'kuliloweza, mpaka mwini bodza n'kumaliwerenga ngati nkhani ya eni. Ana sadzaiwala."

"Chithunzi changa achotsa?"

"Ayi, tidzangolemba pansi pake kuti munthu woona mtima."

"Patatha zaka makumi atatu."

"Mbiri yakale sithamanga."

Mtsikanayo anali atayamba kale kujambula muvi pa tchati pomwe anakumbukira chinthu china. Anatembenuza kabuku kaja n'kuona chikuto. Chisangalalo chonse chinathawira kumapazi.

"Mayo ine. Wolemba wake ndi insipekita. Ndikaime kutsogolo kwa ana, ndinene kuti buku la bwana ndi labodza, iwo ali pampando wakumbuyo ndi fomu yanga m'manja?"

"Adzakupatsani mamalikisi onse."

"Musandiseke, bambo. Munthu anabwera kwa inu ndi kope, mwaulemu, kudzafunsa mboni. Inu n'kumunamiza. Iye, gwero lachiwiri losalakwa, n'kulemba zimene wamva."

A Makiyi anaimirira, natenga choko m'thumba la malaya, nayang'anitsitsa tchati chija mbali zonse ziwiri.

"Mwati uku n'kwa amene analipo?"

"Eya."

"Ndiye kabukuka mwakaika kolakwika." Anajambula muvi wonenepa kuchokera ku gwero lachiwiri kupita ku loyamba. "Chaka chimenecho bwana wanuyo anali mphunzitsi watsopano ngati inu nomwe, wofulumira kuweruka."

"Ndiye kuti anaona?"

"Kuona? Madamu, hamala inali yawo, ndipo makwerero anandigwirira ndi iwowo."