Zitsamba za Apongozi

Kuchipatala, pa benchi ya odwala khansa ya m'mawere, mayi wonyamula chikwama cha mabotolo anakhala pafupi ndi mayi wina wovala mpango.

"Amayi, mukugulitsa?" anafunsa wampangoyo.

"Ayi, achemwali. Ndi zitsamba zatsopano za apongozi, ndi tiyi wa ku China wochokera kwa alamu. Dokotala anati chilichonse ndizimuonetsa ndisanamwe, chingasokoneze kemo, mankhwala athu a khansawa."

"Zakale analola ziti?"

"Jinja yekha, wothetsa mseru."

"Nanga apongozi sakhumudwa?"

"Zinazo ndimathirira maluwa, iwo n'kumakondwa kuona botolo likutsika."

"Chotupacho chili bwanji?"

"Chachepa! Andiuza dzulo. Apongozi akuti ndi mizu yawo."

"Simunawatsutse?"

"Ndiwatsutsirenji? Mizuyo yagwiradi ntchito. Maluwa anga sanaphukepo chonchi."