Tinadikira amalume, lole n'kupita

Akuluakulu a pa wailesi, ndine mayi wa ku Nsanama. Chonde awerengereni anzanga nkhaniyi.

Kale, nthawi ya chipani chimodzi, amuna anga anagwa pamsika wa thonje, tili pamzere, makadi a chipani ali m'manja. Sanalire n'komwe. Ndinawagwedeza, koma anangokoka mpweya ngati akuliza mkonono, kenako zii.

Lole ya thonje yopita ku Liwonde, komwe kuli chipatala, inali pomwepo. Adalaivala anakuwa, "Mayi, akwezeni tizipita!"

Apongozi anga, amene tinali nawo pamzerepo, anandigwira mkono. "Iyayi! Munthuyu ali ndi eni ake. Akakafera m'njira amalume ake asanamve, mukayankha ndinu?"

Ndinaopa mlandu. Tinatuma wanjinga kwa amalumewo, ife n'kumangowathira madzi kumaso. Lole inapita. Pamene amalume ankafika, thupi linali litazizira.

Patapita nthawi, adokotala ena anadzandiuza kuti mtima ukaima, munthu sadikira ngakhale madzi a tiyi kuwira. Wina ayenera kumukanikiza pachifuwa mwamphamvu pomwepo, osaleka, uku mukuthamangira kuchipatala. Ife tinali khamu, manja ali lende.

Lero mwana wanga akangogwira pachifuwa, ndimathamanga naye kuchipatala.

Anzanga, nyamulani wodwala kaye. Amalume mudzawapepesa pambuyo. Nanga ine, amuna anga ndikawapepesa kuti?