Tidawaimbira Dandaulo Lathu

Monire a wailesi ndi omvera nonse. Ine ndine mlembi wa kwaya ina ku Katawa, kuno ku Mzuzu.

Masiku okaimba timawasunga m'pulogalamu yaulere ya pa intaneti, imene amaikonza anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Vuto lake linali lakuti netiweki ikangoduka, zimene walemba zimafufutika. Tsiku lina tidatsala pang'ono kujomba ku ukwati chifukwa cha zimenezi, ndipo manyazi onse adagwera ine.

Ndidakadandaula pa tsamba lawo lolembapo zovuta. Adayankha kuti amayamba kukonza zimene ambiri avotera. Basi ndidauza kwaya yonse kuti ikavote. Ataona mavoti akuchuluka mwadzidzidzi, adatseka dandaulolo poganiza kuti ndi chinyengo cha makina.

Ndidapsa mtima chomene! Koma mayi wina wa soprano adati, "Asisi, tiyeni tiwaimbire, aone kuti ndife anthu." Tidajambula vidiyo tikuimba dandaulo lonselo, n'kuwatumizira.

Adalitsegulanso, n'kukonza vutolo. Mmodzi wa iwo adatilembera kuti, "Mulibe vuto lina? Tikufuna nyimbo ina."

Omvera anzanga, chinthu chikavuta musamangong'ung'udza, kauzeni eni ake. Ife pano tili kalikiliki kuphunzira nyimbo yodandaula za batani losindikizira la m'pulogalamu ija limene likukana kugwira ntchito. Yewo chomene.