A Kokoliko Akutuluka M'khola

A Mkulu wa malo athu ano a kafukufuku, atsogoleri a nthambi zonse, mayi akunyumba pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, anzanga a mu labu ndi a kumakola, ndakulonjerani nonse.

Bambo amene akupuma lerowa, dzina lawo lenileni lili pachiphaso. Ife timawadziwa kuti a Kokoliko, chifukwa m'mawa uliwonse amayamba kulonjera atambala m'chinenero chawo, anthufe pambuyo. Ndinayamba nawo ntchito sabata imodzi, zaka makumi atatu zapitazo. Ndiye zinsinsi zawo ndili nazo.

Ana inu, bambo anu ankati amagwira ntchito yanji? "Ndimafufuza za nkhuku." Basi? Anakubisirani. Bambo anuwa amatenga mbewu ya atambala n'kuisunga kuti isafe. Musazolike, ndi ntchito imene inakulerani!

Tsiku loyamba anabwera atatchena. Jekete loyera, tayi pakhosi, buku m'manja. Buku likuti: sisitani tambala pamsana mofatsa. Koma tambalayo bukulo sanawerenge. Anawajompha pamphuno, n'kuliyatsa liwiro. Adokotala athuwa pambuyo, tayi ili kumsana, kuzungulira ofesi katatu. Abwana a nthawi imeneyo anasuzumira pawindo n'kufunsa, "Kodi talemba katswiri kapena wothamanga?"

Nanga za chakudya cha nkhuku? Adalaivala ali apo, andichitire umboni. Ukakwera galimoto ndi a Kokoliko, usalonjeze munthu nthawi yofika. Akangoona mulu wa makoko a mtedza kapena a chinangwa m'mbali mwa msewu, umva, "Imani! Imani! Chakudya icho akufuna kuotcha!" Kusakaniza kwawo koyamba, nkhuku zinangoyang'ana, kuyang'anana, n'kuchokapo. Iwo anatapa pang'ono, kulawa, n'kulavula. "Zoona, ana anga, ndakulakwirani." Kuyambira pamenepo chakudya chilichonse amayamba alawa okha. Mayi, mwamva kumene njala yawo inkathera?

Koma tsopano ndinene zoona. Panali thanki ija ya nayitirojeni, yozizira kuposa ayezi, mmene ankasungamo timachubu ta mbewu. Ambirife tinkaiseka, ine ndemwe. Ndinawauza pamaso, "Achimwene, atambala ali mbwee m'kholamu, mukuvutikiranji?" Anangoti, "Ali mbwee lero."

Kenako kunabwera chitopa. Sabata ziwiri zokha, atambala onse a mtundu umene tinausankha kwa zaka zisanu ndi zinayi anatha psiti. Mtundu wopirira, woikira bwino, umene alimi ankaudikira. Kunangotsala misoti khumi ndi iwiri m'khola lina lakutali. Ine ndinakhala pansi pakhomo la labu, manja kumutu. Iwo sanandikumbutse mawu anga aja. Anangondigwira paphewa n'kunena, "Dzukani, musambe m'manja, mukandigwirire misoti."

Tinatsegula thanki. Tinaika mbewu m'misoti ija. Tinatola mazira makumi anayi, n'kuwaika m'makina ofungatira. Masiku makumi awiri ndi limodzi aja anali ngati chaka. Tsiku lomaliza masana, ndikumva munthu akukuwa m'khonde. Ndinaganiza kuti kwagwa ngozi. Ndikafika, ndapeza a Kokoliko atagwada pansi, kamwanapiye konyowa kali m'manja, misozi ili chuchuchu. Mazirawo anaswa anapiye khumi ndi atatu. Nkhuku zimene alimi akuweta lero m'maboma onse otizungulira zinachokera kwa amenewo, ndipo zikudya makoko omwe kale ankangopsa ndi moto.

Achimwene, zikomo. Munatiphunzitsa kuleza mtima, kulemba chilichonse ngakhale chalephereka, ndi kusaseka munthu wofunsa. Ophunzira amene munawaongola dzanja, ena lero akutsogolera malabu awoawo.

Mayi, amuna anu tinakubwerekani ali ndi tsitsi lakuda bii. Tikukubwezerani ali ndi dazi, mutikhululukire, koma mtima ndi womwe uja. Akagone mpaka dzuwa liwawombe. Akasewere ndi zidzukulu. Lolemba akadzuka n'kuyamba kufunafuna makiyi a labu, muwauze kuti ali kwa ine, ndipo sindiwapatsa.

Kapumeni bwino, achimwene. Mwaigwira ntchito. Anzanga, tonse tiimirire, tiwaombere m'manja mpaka kumakola amve!