Ng'ombe Zimene Ndinagulitsa Zinadzanditenga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Fabiyao wa kuno ku Maravia, pafupi ndi malire a Zambia, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chigayo changa chimene chinatsekedwa ku Zambia.

Ndinakulira ku Zambiako makolo atathawa nkhondo, ndipo mayi anga tinawaika komweko. Tsono kwa ine malire anali kanjira chabe kopitira kumsika ndi kumanda. Bambo atamwalira kuno kwathu anandisiyira ng'ombe zisanu ndi imodzi. Ndinagulitsa zonse, ndi zapagoli zomwe, Manyanga ndi Bulaki, n'kugula chigayo cha dizilo. Zapagolizo anazigula alamu anga a Zakariya, atalephera kundiletsa ulendo wokayambitsa chigayo ku Zambia. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawauza kuti adzafa akununkha ndowe.

Chigayo ndinakachiika tsidya lija, pafupi ndi manda a mayi, ndipo chinagaya miyezi iwiri. Tsiku lina kunafika akuluakulu oona za olowa m'dziko, aulemu ndithu, n'kufunsa chiphaso cha mlendo wodzayambitsa bizinesi. Ine ndinatulutsa chitupa changa cha unzika cha kwathu ku Fingoe. Anandifotokozera kuti chiphasocho amapatsa munthu amene walembetsa kampani ndi kuonetsa chuma chochuluka kubanki, osati cha ng'ombe zisanu ndi imodzi. Anakhoma loko pachitseko, nati makinawo atuluke m'dziko pasanathe masabata awiri, apo ayi alandidwa.

Mawu oti mlendo anandipweteka kuposa lokoyo. Ndinakakhala pamanda a mayi n'kulira ngati mwana. Linali dzinja, mitsinje itadzaza, ndipo panalibe wagalimoto amene anavomera kulowa msewu wa kwathu. Masiku ankatha ndikuwaona. Pemphero langa linali limodzi lokha: "Ambuye, thukuta la bambo anga lisathere pano." Zoimbira foni alamu ndinachita nazo manyazi.

Kutatsala masiku awiri, chakum'mawa, ndinamva kugubuduka kwa ngolo. Anali a Zakariya, matope mpaka m'mawondo, atayenda masiku atatu. Mkazi wanga ndiye anakawalirira. Chipongwe chija sanandikumbutse. Anangoti, "Alamu, kaitaneni a boma atsegule tinyamule. Mvula ikubwera."

Ndinaimba likhweru mmene bambo ankaimbira, Manyanga n'kutembenuka kudzanunkhiza dzanja langa. Pamenepo ndinalephera kudzigwira.

Chiphaso sindinachipeze, ndipo khola la bambo lidakali pululu. Ndikalidutsa mtima umawawabe. Koma chigayo chikugaya m'mudzi mwathu, ndipo amayi analeka kusenza chimanga mtunda wautali. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mawu ochepa aja.

Inu amene akutsekerani chitseko, musaleke kupemphera, ndiponso samalani pakamwa pochoka kwanu. Ine Mulungu sananditumizire munthu wa kubanki. Ananditumizira wonunkha ndowe uja.